Agalu Atatu mu Mzere Umodzi

Pulani yonse inabadwira pa tebulo lapakona m'bala, tebulo lopendekeka lomwe mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi katoni. Panakhala amuna atatu, mabotolo angapo ndi laputopu imodzi yong'aluka kona. Mabotolowo ankagula ndi Jenerale, mkulu wa gululo, munthu woti sanapondeko ku usilikali koma ankayenda ngati pachifuwa padzadza mamendulo. Pambali pake panali Kadzidzi, wamaso akuluakulu, katswiri wozonda malo. Laputopuyo inali ya Fomula, mlamu wake wa Jenerale.

Tinene chilungamo, Fomula sanali mbava. Anali munthu wa satifiketi. Anaphunzira sipuredishiti, pulogalamu ija ya pakompyuta ya timabokosi m'mizeremizere, yomwe imawerengera yokha ukaipatsa malamulo, ndipo ankaikonda kuposa chakudya. Koma ntchito inkangomuthawa. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha zidendene. M'mawa womwewo mkazi wake, mlongo wake wa Jenerale, anali atamuuza poyera kuti laputopuyo ikapitiriza kudya magetsi osabweretsa kanthu pakhomo aigulitsa, ndipo mwini wake aitsatire komwe ipiteko.

"Alamu," anatero Jenerale akugogoda botolo patebulo, "mlongo wanga akuti mumangokhalira kudinadina. Lero mudine zanzeru. Pali shopu ija ya mafoni ya Madamu, ya mpanda wautali. Lamlungu masana satsegula. Tilowe, tinyamule, tituluke, atsale akufunsana."

"Chimene mumagwidwira inu, alamu, n'choti mumaba ndi mtima," anayankha Fomula, mowa utayamba kumupatsa mphamvu. "Masiku ano zonse ndi deta. Mundipatse zonse zomwe mwaona, ine ndiziyeretse, makinawa atiuze okha nthawi yolowera."

"Aise, detayo amamwa kapena amadya?" anafunsa Kadzidzi.

Fomula anamufotokozera kuti deta ndi chilichonse chomwe maso ake aone pa shopupo, ndipo chinthu chilichonse azichitumiza pafoni pachokha. Jenerale anaitanitsa mabotolo ena atatu, n'kumwera chuma chomwe anali asanachigwire.

Kadzidzi anagwira ntchito mokhulupirika mpaka kunyanya. Anakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi shopu n'kumatumiza mauthenga ngati mvula. Fomula atawathira mu sipuredishiti anagwira kumutu. Mlonda mmodzi yemweyo analembedwa apa "mlonda", apo "mulonda", pena "bambo wa chibonga". Nthawi nayo inali yamtundumtundu, pena "itakwana nkhomaliro", pena "dzuwa lili apa", ngati kuti kompyuta ikuona komwe akulozako.

Apa ndiye pamene Fomula ankakomera. Anachotsa mipata yosafunika, mlonda n'kumubwezera dzina limodzi, nthawi zonse n'kuziika pa wotchi. Kenako anasefa zosathandiza pa dilu: mayi wogulitsa nthochi, njinga yophwa tayala, chikwangwani chapageti, zonsezo zinabisika kamodzi n'kamodzi. Atatero anaona mizere itatu yotsatizana, yofanana ndendende. Galu, wakuda, kuseri. Galu, wakuda, kuseri. Galu, wakuda, kuseri.

"Chala cha Kadzidzi chikunjenjemera ndi matsire, watumiza katatu," anadziuza motero. Anadina batani lochotsa zobwerezedwa, mizere iwiri n'kuzimiririka. Chiyambire umbava, palibe amene anathanapo ndi agalu awiri mofulumira chotero.

Zotsalazo makina anachita okha. Bokosi limodzi linasanduka lobiriwira pa nthawi yomwe mlonda amazemba kukamvera mpira kwa wometa tsitsi. Bokosi lina linawerengera zofunika kunyamula: matumba atatu, chitsulo chimodzi chothyolera loko, soseji imodzi yothira mankhwala ogonetsa. Jenerale anali atagula masoseji anayi kuti mwina pangagwe zina.

"Imodzi basi, alamu. Manambala sanama," anatero Fomula.

Jenerale sanatsutse. Atatu otsalawo anadya yekha ali chiimire.

Lamlungu masana, dzuwa likuswa mtengo, amuna atatu anatsetsereka pa mpanda wakuseri n'kugwera pa milu ya makatoni. Mlonda kunalibe, monga bokosi lobiriwira linanenera. Galu wakuda anatulukira akuthamanga, Kadzidzi anamuponyera soseji, galuyo anaimeza, anazungulirazungulira n'kugona pansi ngati wabwera kumene kuchokera kuntchito.

"Alamu, ndinu shasha!" ananong'ona Jenerale. "Mukapitiriza chonchi ndikupatsani mlongo wanga winanso."

Mtima wa Fomula unatupa ndi chimwemwe. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, munthu wa kuchikazi anamuyamikira. Anali akukonza kale mawu okauza mkazi wake pamene anamva kulira kwapansipansi kuseri kwa thanki yamadzi. Kunatuluka galu wakuda. Fomula anayang'ana wogonayo, anayang'ananso woimayo. Asanamalize kudabwa, kunatulukanso wachitatu, wamkulu kuposa anzake onse.

"Kadzidzi, awa achokera kuti?" anafunsa Fomula.

"Ndinalembatu katatu ine!"

"Unalemba chimodzimodzi!"

"Nanga si ngofanana! Umafuna ndiwafunse mayina?"

Msonkhanowo unathera pomwepo. Anathamanga mosaona kutsogolo, Jenerale patsogolo ngati mkulu wankhondo weniweni, ngakhale kuti mbali yakumbuyo ya buluku lake inatsalira m'kamwa mwa galu wamkulu uja. Chitseko choyandikira chinali cha kaofesi kakang'ono. Jenerale anachigumula ndi phewa, onse n'kukhuthukira mkati, n'kuchitchinga ndi kabati. Mafoni anali m'chipinda chosungiramo katundu, tsidya lina la bwalo. Zenera la kaofesiko linali ndi zitsulo. Agalu awiri aja anakhala pakhomo mwaulemu, osapupuluma.

Jenerale anayamba kutukwana chapansipansi, kuyambira laputopu mpaka amene anasaina satifiketi. Fomula anagwera pampando ndi manyazi, chigongono chake n'kukhudza kompyuta ya patebulo, yomwe inali yosazimitsa. Inawala. Pamenepo panali sipuredishiti ya katundu wa m'shopumo.

Fomula anaiwala agalu. Foni ya mtundu umodzi inalembedwa m'njira zisanu. Madeti ena anayamba ndi mwezi, ena ndi tsiku. Chiwonkhetso chapansi munthu wina anachita kuchilemba ndi dzanja m'malo molola makina kuphatikiza okha, ndipo timabokosi tambirimbiri tinali tikulira ndi zizindikiro zolakwika. Zala zake zinayamba kuyabwa.

"Alamu, mukutani?" anafunsa Jenerale, dzanja limodzi litaphimba kumbuyo.

"Pang'ono pokha. Munthu sangakhale moyo wotere."

"Aise, tikudyedwa kunja kuno, iwe ukusesa m'nyumba ya eni?" anatero Kadzidzi.

Sanamve. Anawongola mayina, anafananitsa madeti, analemba mafomula atsopano, malamulo aja owerengera, kuti katundu akagulitsidwa azidzichotsera yekha. Pa zobwerezedwa anachita mosamala, mzere ndi mzere, poti phunziro lake linali likupumira pansi pa chitseko. Ankagwira ntchito nkhope ili ngwee, ngati munthu amene wafika kwawo. Kumapeto anapeza kanthu kena kobisika kumbali, ndipo anaseka yekha.

"Taonani, alamu! Wina anayesa kuika dongosolo loti katundu akachepa, kompyutayi izitumiza yokha uthenga. Koma analilozetsa pa bokosi lolakwika, n'chifukwa chake linafa. Ndangosuntha apa basi. Onani, ladzuka!"

"Izitumiza uthenga kwa ndani?" anafunsa Jenerale pang'onopang'ono.

"Kwa mwini shopu, nanga kwa nda..."

Mawuwo anathera panjira. Pa kompyuta panatuluka kabokosi konena kuti uthenga watumizidwa. Kenako kena. Kenako kenanso, pakuti katundu wochepa m'shopumo anali wambiri, ndipo dongosololo linali ndi nkhani zambiri zomwe linasunga nthawi yonse ya imfa yake.

Madamu, podabwa kuti wakhudza kompyuta ndani shopu ili yotseka, anafika pa galimoto ya apolisi, foni ikulirabe m'manja, mlonda akuthamanga pambuyo ndi nkhope ya munthu amene timu yake yaluza kawiri. Agalu anaitanidwa, kabati inasunthidwa. Apolisi anapeza amuna awiri atakweza manja, ndi wachitatu akumalizitsa kupaka mtundu pa mitu ya mizere. M'chikwama cha Fomula anapezamo laputopu, ndipo wapolisi wamkulu ataitsegula anaseka mpaka kugwira khoma. Munali mayina a onse atatu, ntchito ya aliyense, nthawi yolowera, ngakhale gawo la munthu aliyense pa katundu wobedwayo.

"Chiyambire ntchito," anatero wapolisiyo, "sindinaonepo mbava zodzilembera zokha mlandu mwaukhondo chonchi."

Madamu sanaseke nawo. Anali ataweramira pa kompyuta yake, akutsitsa mizere mwakachetechete.

"Wachita izi ndani?"

Jenerale ndi Kadzidzi analoza nthawi imodzi, mosazengereza.

"Bambo inu," anatero Madamu akumuyang'ana Fomula, "pageti panga pali chikwangwani. Ndakhala ndikufuna munthu wodziwa sipuredishiti kuti andikonzere chisokonezochi, ntchito yapamwezi, mpando womwewo mwakhalapowo. Obwera onse alephera. Simunachione, kuti mpaka mulowere pampanda?"

"Chikwangwanicho ndinachitumizatu, aise," anatero Kadzidzi mofatsa. "Ndimati uchiwerenga wekha."

Fomula anakumbukira mzere uja, pamodzi ndi nthochi ndi njinga yophwa. Anausefa yekha, ndi chala chake chomwe, ati ngwosathandiza. Zinamupweteka kuposa unyolo womwe ankamumanga m'manja. Ntchito yomwe anaithera nsapato inali ikumudikira pa geti lakumaso, iye n'kukalowera kwa agalu.

Anawakweza kumbuyo kwa galimoto. Jenerale anakhala chammbali chifukwa cha bala, akulonjeza kuti mlongo wake amva zonse lisanalowe dzuwa. Injini italira, Fomula anadzambatuka ngati walumidwa ndi nyerere.

"Mayi! Mayi! Sindinaseve! Dinani batani losungira, magetsi akazima zonse zipita!"

Jenerale anamuponda phazi, koma Madamu anamva. Analowa m'kaofesi muja, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka akugwedeza mutu kusonyeza kuti zatheka. Fomula anapumira m'mwamba. Anaganiza kuti mwina mayiyu ndi wachifundo, mwina akadzatuluka mpando uja udzakhala ukumudikirabe.

Galimoto ikutuluka, anamuona Madamu akupita pageti. Anaima pa chikwangwani chija, anachimatula bwinobwino, n'kuchipinda pakati. Sankafunanso munthu. Kompyuta inali ikuchita yokha zonse, ndipo woikonzayo sanalipiritse kanthu.