Therere lomwe linakana kuthyoka

Mpaka lero ndikaona amayi pamsika wa Mitundu akuthyola kansonga ka therere asanagule, ndimayang'ana kumbali. Kansonga kameneko kanandichotsapo ulemu.

Nditasiya ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe ndinabwerera kwathu ku Mitundu ndili ndi mtima wolima, koma malo a madzi ndinalibe. Apongozi anga aakazi ali ndi dimba labwino ku Nathenje, ndipo ankafuna womusiyira poti mawondo anali atayamba kuwavuta. Ine ankandikayikira. "Manja awo aja ndi a cholembera," anauza mkazi wanga (iye anandifikitsira uthengawo wonse, osachotsako ngakhale liwu). Tinapangana kuti ndilime therere lobala kuseri kwa nyumba, iwo adzaone okha, kenako agamule za dimbalo.

Alangizi a zaulimi anali atatiphunzitsa kuti therere la manyowa limabereka bwino ndipo silifota msanga. Ndinakumba dzenje, n'kuikamo ndowe, zitosi za nkhuku, mapesi ndi phulusa, kumathirira ndi kutembenuza mpaka zonse zitawolerana. Apa pokha ndisadzichepetse: manyowa anga anali akuda bii, ofewa, osanunkha. Therere linakula mochita kupikisana.

Linayamba kubala kutatsala milungu iwiri kuti apongozi afike.

"Bambo a Tadala, tiyeni tizithyola," anatero mkazi wanga. "Therere likapitirira masiku atatu limakhwima."

"Limenelo ndi la feteleza," ndinayankha. "La manyowa limakhalitsa. Anatero alangizi."

(Alangizi ankanena lothyola kale, la m'lichero. Za lapamtengo ndinawonjezera ndekha.)

Ndinalamula kuti wina asalikhudze. Ndinkafuna apongozi adzaone zinthu zikuluzikulu, moti m'mawa uliwonse ndinkaliyeza ndi lula yomwe ndinabwera nayo kuchokera ku ofesi. Likatalika, mtima wanga unkangoti myaa.

Tsiku linakwana. Apongozi atatsika minibasi n'kupumulako, tinapita nawo kuseri. Sanayamikire, sanadzudzule. Anangogwira therere limodzi n'kupsinja kansonga ndi chala. Lanthete limati thyo! Langa linangopindika n'kuwongokanso. Anayesa lachiwiri, lachitatu. Chimodzimodzi.

"Akamwini, kodi mukusungira mbewu?" anafunsa modekha.

Apa anali atanditsegulira khomo lothawira. Ndikanangoti eya, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinatukula chifuwa.

"Ayi amayi, ndi landiwo limeneli."

"Oo. Liphikidwetu."

Linaphikidwa, soda yemwe anathiramo wochuluka, koma kunanda linakana. Ndinadyera ndekha pakhonde, kumasolola luzi m'mano, uku kukhitchini kukumveka phwete loyesa kubisa.

Kenako apongozi anandiitana kukhitchini. Pakati pa iwo ndi mkazi wanga panali lichero la therere laling'onolaling'ono, lobiriwira bwino. Masiku onsewa mkazi wanga ankathyola mobisa mzere wakumapeto, komwe lula yanga sinkafika.

"Ili unathyola liti?" apongozi anamufunsa.

"Masiku asanu apitawo, amayi."

Anapsinja kansonga. Thyo!

"Masiku asanu, likadali chonchi? Langa la feteleza bwenzi litafota kalekale." Anatembenukira kwa ine. "Akamwini, manyowa mumawatha, pamenepo sindinama. Dimba ndikupatsa mwana wangayu. Inu muziwoletsa ndowe."

Tinasamukira ku Nathenje, ndipo therere lathu limagulidwa msanga chifukwa limakhalitsadi. Udindo wanga umayambira kukhola n'kuthera padzenje. Nyengo yothyola ikafika, mkazi wanga amandipatsa dengu kuti ndigwire, nditaima kunja kwa mpanda. Lula ija ndikadali nayo. Masiku ano ndimayezera kuya kwa dzenje la manyowa.