Tsiku limene ndinataya tiyi wa Bambo Lim

Anzanga, ndisekeni, ndakulolani. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Maddington, ndili ndi aneba, Bambo Lim, madala achitchaina opuma pantchito. Ndikakwera ndege kupita ku mgodi masabata awiri, ndi iwowo amene amandithirira mpiru ndi kundisungira makalata. Ndiye Loweruka lina atandiitanira tiyi, ndinavala malaya abwino, kadzutsa osadya, poganiza kuti kukakhala buledi wopaka majarini.

Kufika, patebulo palibe buledi, palibe shuga, mkaka ndiye usanene. Pali katipoti kadothi ngati dzira la bakha, ndi tikapu ngati zivindikiro za botolo. Madala anathira madzi otentha pamasamba, nthawi yomweyo n'kutsanulira m'kambale kapambali. Ine poona kuti kambaleko ndi kokulirapo, ndinati ndiye ka mlendo kameneka, n'kugugudiza.

"Amenewo ndi otsukira masamba, timataya," anatero mofatsa.

Mayo ine! Ndinangoti zikomo ngati ndachita dala.

Anathiranso madzi, tinamwa. Kachiwiri, masamba omwewo. Kachitatu, omwewo. Pofika kachinayi mtima unayamba kundiwawa. Inu simukudziwa kuti kwathu ku Luchenza, munthu akabwereza masamba chonchi ndiye kuti pakhomo zavuta? Ndinati taonani, bambo wondithandiza chonchi akuvutika mwakachetechete, ine ndili phee kuseri kwa mpanda!

Atangopita kukhitchini kukadzaza ketulo, ine liwiro kunyumba, kukatenga bokosi lathunthu la matibagi. Pobwerera ndinakhuthulira masamba aja m'bini, katipoti kaja n'kukatsuka pampopi wapanja ndi sopo mpaka mbee, ndi kuikamo tibagi watsopano. Ndinakhala pansi ndikumva ngati mngelo.

Madala anabwera, anayang'ana m'katipoti, anayang'ana ine.

"Masamba anga ali kuti?"

"Musavutikenso, bambo," ndinatero monyada. "Akatha awa muzingondiuza."

Apa anandifotokozera pang'onopang'ono. Tiyi uja anagula ndi malemu akazi awo chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa, mwana amene pano ali ndi ana ake. Ndi woumbidwa ngati chikondamoyo, amabenthulako pang'ono akabwera munthu amene amamutenga ngati m'bale. Kukoma kwake kwenikweni kumayamba pothira kachisanu ndi chiwiri. Ndipo katipoti kaja sikanaonepo sopo chigulireni.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadzuka kuti ndikatole masamba m'bini, iwo anandigwira mkono, akuseka mpaka misozi. "Khala pansi, mwana wanga. Mkazi wanga akanakukonda iwe."

Anatenga katipoti kena, n'kubenthulanso tiyi uja. Ulendo uno manja ndinawakhalira. Koyamba ankanunkhira ngati dothi mvula yoyamba ikagwa, kenako ngati utsi wa nkhuni zouma, ndipo pofika kachisanu ndi chiwiri, abale, kukhosi kunatsekemera popanda ndi shuga yemwe. Tiyi wosaoneka bwino mtundu, koma ndinatsala pang'ono kulira.

Matibagi aja anawalandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Patatha mwezi ndinawafunsa ngati akuwakomera.

"Kwambiri," anatero, akuloza kudimba komwe ankawakwirira. "Tomato wanga sanabalepo chonchi."

Chiyambire tsiku limenelo, ndikakhala kwa eni ndipo chifundo chikandigwira, ndimayamba ndafunsa.