A Mpakamuzu ndi Khovani wa M'dimba Langa

A Mpakamuzu sankatha kudutsa udzu osauzula. Ndinena zokhazo zimene ndinaona, chifukwa ine ndi bodza sitimwerana madzi. Anali wokonza mawotchi, ndipo atapuma pa ntchito kuleza mtima konse kwa mawotchi anakakuthira m'dothi. M'thumba la jekete munkakhala supuni yakale. Akaona khovani, udzu woyanga uja wophuka mizu pa mfundo iliyonse, ankagwada pomwepo n'kuyamba kukumba pang'onopang'ono, akung'ung'udza kuti, "Mpaka muzu." Dzina linachokera pamenepo.

Pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo wamkazi akuoneka msana wokha. Onse akumwetulira, iwo awerama pakhomo la holo. Kuchipatala anaitanidwa katatu osayankha, mpaka dokotala anawapeza kuseri kwa zenera.

"Bambo, vuto lanu n'chiyani?"

"Ine ndi msana, adokotala. Koma inu ndi kapinga, ndipo wanuyu wafika poipa."

Udzu akauzula sankautaya pansi. Ankauyanika pa lata, kuutembenuza ngati chakudya, ukauma gwa n'kuutentha.

Ine ndinali mnansi wawo, mpanda umodzi. Ndine mmisiri womanga nyumba, sukulu sindinapite nayo patali, koma khasu ndimalidziwa. Kuseri kwa nyumba akazi anga amalima tomato ndi masamba, ndiye ndiwo zathu. Khovani atalowamo ndinatenga khasu, kumuduladula ngati nyama ya paphwando, n'kumukwirira. A Mpakamuzu anasuzumira pa mpanda.

"Aneba, mukutani?"

"Ndikupha udzu."

"Mukubzala. Kachidutswa kalikonse ndi mbewu. Mwangomupatsa ana."

"Inu dziwani za mawotchi. Dothi lisiyireni amuna."

Anangoti, "Chabwino, amuna," n'kubwerera ku lata lawo.

Patatha milungu iwiri dimba langa linali loyera ngati pabalaza. Ndinawaitana kuti aone.

"Ana aja ali kuti, aneba?"

Anayang'ana uku ndi uku, manja kumbuyo. "Muli ndi dzanja labwino," anatero.

Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawanena kuntchito, m'basi, ngakhale pa maliro. Ndinayamba kuphunzitsa anthu. Wometa tsitsi wa pakona anatsatira malangizo anga, khovani n'kumudyera kabichi yense, kukwera mpanda, kutsala pang'ono kulowa m'bafa. Atabwera kudzadandaula ndinamuuza mosapsatira kuti sadziwa kugwira khasu. Mpaka lero amandimeta mokhala ngati akudula khovani.

A Mpakamuzu anamwalira mvula itangoyamba. Tinawaika bwinobwino. Patatha mwezi ndinaona timasamba tobiriwira pakati pa tomato. Ndinaduladula, kukwirira. Sabata yotsatira timasamba tija tinabwera ndi abale ake. Ndinaduladulanso. Pofika mwezi wachitatu tomato anali atafa, masamba osaoneka, khovani atayanga mpaka pa chingwe choyanikira zovala. Ndinanena kuti vuto ndi mvula. Kenako ndinati ndi manyowa. Nditayamba kunena kuti makasu a masiku ano ndi achabechabe, akazi anga anaika pansi beseni la zochapa.

"Bambo a kunyumba, khalani pansi."

"Ndimva ndili chiimire."

"Mukapita kuntchito, malemu ankalowa pa thabwa loguluka lija la mpanda. Katatu pa sabata. Ankatola tizidutswa tanu tonse, kamodzikamodzi. Ine ndinkawapatsa tiyi."

"Zaka zonsezi?"

"Ngakhale msana utavuta. Ndinkawatengera kampando."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu mumauzika?"

Ndinakhala pansi.

Ine ndimakalipira ana anga akanama ngakhale pa kanthu kochepa. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndinalalikira bodza mtima uli mbee, mwini choonadi ali chogwada kuseri kwa nyumba yanga. Ndinavala malaya abwino n'kupita kwa mayi amasiye, akazi a malemu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndabwera kudzanena kuti abambo ankanena zoona. Ndinalakwa ndine."

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. "Ankati tsiku lina mudzabwera. Ankangodandaula kuti mudzasankha tsiku loti iwo kulibe."

"Koma ankavutikiranji ndi dimba la munthu wamwano?"

"Poyamba ankateteza lawo, poti khovani sadziwa mpanda. Kenako anazolowera. Ankati mukamadzitama pa mpanda paja ndiye kuti tsiku lawayendera."

Kwa wometa ndinapitanso kukapepesa. Anamva zonse, lumo lili pakhosi panga, n'kunena kuti ndibwerezenso chifukwa makasitomala ena sanamve.

Tsopano ndimazula ndi manja. Mawondo anga ndi a simenti, ndipo ndikamaliza mzere umodzi wina wayambanso. Dimba ndabweza theka.

Msewu wathu wabiriwira mwa njira yolakwika. Udzu wamera m'ming'alu ya pasitolo, wakwera chikwangwani cha pamphambano, anthu akungoulumpha. M'mawa ndikagwada m'dimba, ndimapezeka ndatembenukira ku mpanda, mawu ali kale pakamwa. Kulibe wondiuza kuti ndikulakwitsa, ndipo ndazindikira mochedwa kuti kulibenso wondinamiza kuti ndikukhoza.