Kanjira ka a Manase

Ku Karonga konse, munthu amene ankadandaula kuti anthu achepa anali a Manase okha. Anakhala zaka zambiri ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, komwe ankati ukayetsemula msewu wonse umadwala chimfine. Atabwerera kwawo, malo awo aakulu a kufupi ndi msika ankawasowetsa mtendere.

"Keziya, anthu ali kuti?" ankafunsa akazi awo. "Ndikungomva achule."

Ndiye anayamba kugawa bwalo. Mphunzitsi wa ku Dedza atasowa nyumba, anamuyezera malo ndi mapazi. Anamwino a ku Zomba anamanga pamunda wa chinangwa. Wapolisi, telala, wogulitsa usipa, onse anakwana. Mwana wa anansi akalira, a Manase ankamwetulira n'kuthokoza m'chinenero cha kwawo: "Ndaga! Tauni ija yafika."

Mayi Keziya anangopempha chinthu chimodzi, kanjira kotulukira kumsewu.

"Abambo, ako kokha musapatse munthu. Tsiku lina mudzatulukira pati?"

"Mulungu anatsegula nyanja. Angalephere kanjira?"

Kenaka kunabwera Lyson, kalaliki wa ku Ntcheu, ndi mkazi woyembekezera. Posakhalitsa kanjira kaja kanasanduka chipinda. Kuyambira pamenepo mayi Keziya ankapita kutchalitchi kudzera m'khitchini mwa anamwino, atavala zoyera za Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, uku akulumpha mapoto.

A Manase atamwalira, mayiwo analira, koma pakati pa misozi ankayeza bokosi ndi maso. Silikanakhota pa timakomo tija. Lyson anabwera ndi nkhwangwa kuti agwetse chipinda chake.

"Mwanawe, ika pansi," anatero mayi Keziya. "Khandalo ligona kuti? Malemuwa akanakukwiyira."

Pamenepo anansi anatuluka, aliyense n'kuima pakhomo pake. Bokosi analikweza m'mwamba, ndipo linayenda pamitu, manja kulandira kwa manja, kudumpha mpanda wa wapolisi, kudutsa thandala la usipa, mpaka kumsewu. Panalibe wosuntha phazi. Anthu anali okwanira.

Nyumba zija zidakalipo, zothinana ngati nthochi za phava limodzi. Ana akulira, mitondo ikugunda, wailesi ya telala sipuma. Mayi Keziya amadutsabe m'khitchini muja. Koma akabwerera n'kukhala pampando wa amuna awo, amamvetsera phokoso lonselo, kenaka n'kufunsa chapansipansi:

"Anthu ali kuti?"