Mawere a Alamu M'bafa la ku Joni

Tsikulo tinalipo ine, alamu anga a Nachisale eni mawere, ndi amalume ake a mnyamata wofuna kukwatira mwana wanga Esinati, amene anadzakambirana za chinkhoswe. Panalibe mwini bafa, mwana wanga Levisoni, poti ali ku Joni, ndipo mkazi wake wodziwa mabatani anali kumaliro ku Kabudula. Magetsi okha, amene masiku onse amathawa, sabata imeneyo anakhazikika ngati mlendo wosatsanzika.

Bafalo Levisoni anachita kupatsidwa ndi bwana wake. N'lamphira, lochita kupopa, lokwana anthu anayi osagundana mawondo, ndipo pambali pali kabokosi ka mabatani kotenthetsa madzi. Analiika kuseri kwa nyumba yake pa Nsaru, pakhomo pomwe ndikukhala inenso, n'kundiuza kuti, "Amayi, ichi musakhudze." Kusambamo ndinakana ndekha, munthu wamkulu ungaviikidwe ngati chinangwa? Koma itakwana nthawi yoviika mawere a chimera cha thobwa la chinkhoswe, mgolo wanga ukudontha, ndinati madzi onsewa angokhala osagwira ntchito?

Mawerewo ndinakongola kwa alamuwo, omwe ndakhala ndikuwakumbutsa za nkhuku yanga yathadzi imene anabwereka osabweza chimwalirire bambo a ana anga, kutchalitchi, kumsika, ngakhale kuchigayo. Anandipatsa osawiringula.

Ndinaponya matumba a mawerewo m'bafamo n'kuvundikira. Limodzi linali lobooka, sindinaone, ndiye mawere anakatseka potulukira madzi. Posakhalitsa kabokosi kanayamba kulira, kakuthwanima mofiira, ndi tizilembo toti ine wolekezera sitandade wani sindingatiwerenge. Ndinakawomba mbama monga timachitira ndi wailesi. Kanati zii pang'ono, kenako kanayambiranso. Ndinayesa mabatani, n'kupeza kuti la kamuvi koloza kumwamba ukalidina kulira kumaleka, basi ndinaikapo kamwala n'kumanga ndi mphira kuti likhale chidinire. Kanayamba kung'ung'udza, ndinakafunditsa bulangete kuti anansi asamve. Kumuimbira Levisoni? Akanafunsa kuti mwaikamo chiyani. Nanga kungozula waya kukhoma? Nzeru imeneyo inandifikira zonse zitatha, ndipo mpaka lero imandipweteka.

M'mawa mwake alamu anabwera kudzaona mawere awo, amalume aja nawo n'kutulukira, atavala suti yoyererako, mkulu wa mpingo wathunthu. Tisanamalize malonje amalumewo ananunkhiza m'mwamba.

"Kodi mayi, pakhomo pano pamatchezedwa kachasu?"

"Ayi bambo, ife ndife opemphera."

"Fungoli likuchokera kuseriku," anatero alamu, n'kuyamba kutsogolera mlendo ngati nyumba ndi yawo.

Nditavundukula, nthunzi inandiwomba kumaso. Madzi oti n'kusosolera nkhuku, mawere atafufuma, atasasa, bulangete likununkha chiwawu. Pofuna kuzimitsa msanga ndinadina batani limodzi lomwe dzulo lake ndinalisiya. Abale anga, linali la thovu! Bafa lonse linabwata ngati mphika wa pamaliro, phala likulumpha, lina pa duku langa, lambiri pa suti ya amalume kuyambira pakolala mpaka m'nsapato. Kenako kabokosi kanaphulika, kautsi n'kufuka, kukhala chete kumene ndinkakufuna kuja.

Amalume anadzipukuta ndi kampango, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwina tibwerenso tsiku lina."

Alamu anatola mawere m'manja, kuwafinya, n'kundiyang'ana.

"Ophikawa samera, alamu. Nanga ya nkhuku ija tikambe lero lomwe, eti?"

Chinkhoswe chinachitika, koma thobwa linali lopemphetsa kwa anansi, lamadzimadzi, ndipo amayi akuchimuna analiimbira nyimbo pamaso pa anthu, Esinati atawerama. Misozi ya mwanayo ndiyo imandisowetsa mtendere, chifukwa iye sanalakwe kanthu. Ndinalumbira kuti chinthu cha mabatani sindidzachigwiranso, ngakhale foni amandidinira ndi ena.

Zotsala ndi izi. Mawere a alamu sindinabweze, ndikudikira kukolola. Suti ya amalume banga silinachoke, ndipo akana kulandira kanthu, ndiye ngongole yoipitsitsa imeneyo, yosabwezeka. Kabokosi ka Levisoni n'kakufa, iye akungodziwa kuti kanapsa ndi magetsi. Nkhuku yanga yathadzi ikadali kwa alamu, yaswa kangapo, ndipo ndikakumana nawo kuchigayo ndimayamba ndine kukamba za mvula.