Kodigu ya apongozi anga

Manyazi ena munthu umafa nawo, koma awa ndiulula ndekha, poti ku Domwe kuno palibe amene akuwadziwa.

Gulu lathu la alimi a mbatata ya kachewere lili ndi motobomba imodzi, pampu ya injini yothirira m'madimba, ndipo timabwerekana motsatira ndandanda. Ine, poti ndinaphunzirako komputadori miyezi itatu ku Ulongwe, ndinapanga kapulogalamu kotumiza ndandandayo patsamba lathu la pa intaneti Lolemba lililonse. Anthu anayamba kunditcha enjenyeru, katswiri wa makina, ndipo kayendedwe kanga kanasintha!

Ndinali nditawerenga kuti kachizindikiro kam'mwamba kaja, kamene kali m'mayina ngati Ching'amba, kamasokoneza makina, ndiye kamafunika kukakulunga kasanatumizidwe. Ndinakakulunga. Chimene sindinadziwe n'chakuti tsambalo limakulunganso lokha. Zinali ngati kuika mbatata m'matumba awiri, wolandira n'kumasula limodzi.

Lolemba dzina linatuluka chonchi: Ching&#39;amba.

Tsoka ilo, a Ching'amba ndi apongozi anga. Anandipeza pamsika, telefoni ili m'manja.

"Akamwini, nanga 39 ameneyu akutani pakati pa dzina langa?"

Ndivomere kulakwa pamaso pa apongozi? Bodza linatuluka ndisanaliitane.

"Imeneyo ndi kodigu, nambala yachinsinsi ya chitetezo, bambo. Makina amapatsa anthu odalirika okhaokha."

Anamwetulira, n'kuyamba kuonetsa msika wonse.

Ndinathamangira kunyumba kukakonza, koma chifukwa cha phuma, m'malo mochotsa thumba limodzi ndinawonjezera lachitatu. Sabata yotsatira dzina linakula: Ching&amp;#39;amba. Apongozi analengeza kuti akwezedwa udindo. Mamembala ena awiri, a Ng'oma ndi a Mang'anda, nawonso anali ndi kodigu poti mayina awo ali ndi kachizindikiro kaja, ndipo pa reuniyau, msonkhano wa gulu, atatuwo anakhala pabenchi lakutsogolo popanda wowaitana.

Apa mpamene a Joana, mayi amene amasunga motobomba, anaimirira.

"Ine ndinabwerera kuno kuchokera ku Malawi ndi khasu limodzi, gululi n'kuliyambitsa. Lero ndakhala wosadalirika? Chabwino. Motobomba imagona kwanga, ndipo situluka mpaka nane ndilandire kodigu."

Mbatata zinali pamaluwa, dzuwa likuswa mtengo. Masiku anayi opanda madzi, masamba anayamba kulefuka m'madimba onse. Ndinachita mantha zenizeni.

Ndinaimbira msuweni wanga Roza, amene amaphunzitsa komputadori ku Fonte Boa. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe, chotsa zokulunga zako zonsezo. Tsambalo limadziwa ntchito yake."

Ndinafufuta mizere iwiri, basi. Mayina onse anatuluka oyera bwino! Ndinavina ndekha m'nyumba, poganiza kuti tsopano onse afanana ndipo mlandu watha.

Kutacha apongozi anali pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Akamwini, ndakulakwirani chiyani? Mwana wanga ndinakupatsani ndi mtima umodzi, inu mwandilanda kodigu anthu akuona."

Reuniyau ina inaitanidwa mwachangu. Ndinakonzeka kuulula, koma palibe amene anandipatsa mpata. Anagwirizana kuti, pofuna mtendere, membala aliyense akhale ndi kodigu yake. A Joana anapempha yaitali ija, ndipo motobomba inatuluka tsiku lomwelo.

Ndiye pulogalamu yanga pano ikuyenda bwinobwino. Koma Lolemba lililonse enjenyeru amakhala pansi n'kumalemba cholakwika chija pamanja, dzina ndi dzina.

Bodza ukalibzala pamaso pa apongozi, konzekera kulithirira sabata iliyonse.