Kompyuta Yanga Yaulemu

Mpaka lero mlamu wanga akandiona amazungulitsa chala m'mwamba, ine n'kumayang'ana kumbali ngati sindinaone. Bwino ndikuuzeni ndekha asanakuuzeni iyeyo.

Pa Chama boma, ine ndi a Gondwe, achimwene a mkazi wanga, tili ndi timashopu totaipa ndi kusindikiza mapepala, toyang'anizana. Iwo atagula kompyuta yatsopano, aphunzitsi anayamba kudutsa pakhomo panga mothamanga ngati ndimagulitsa mabokosi a maliro. Mkazi wanga nayenso ankati, "Koma ya achimwene ija ndi yachangu." (Mawu amenewa ndinkagona nawo, n'kudzuka nawo.)

Ndinakwera basi ya ku Lundazi kukasaka kompyuta yoposa yawoyo. Kunenerera mtengo ndiye mphatso yanga, ogulitsa mbuzi akandiona amabisa mbuzi zawo. Ndinapeza kompyuta yakale, yaikulu kuposa ya a Gondwe, ndipo wogulitsayo ndinamupanikiza mpaka malaya ananyowa.

"Bwana, pamtengo umenewo ndichotsamo kanthu kakang'ono," anatero pomaliza. "Kamangochita phokoso."

"Chotsani. Sindinabwere kudzagula phokoso ine."

Nditafika nayo ndinaitana a Gondwe dala. "Alamu, tamverani. Mukumva kanthu? Iyi ndi yaulemu, osati yanu ija yolira ngati chigayo."

Anangogwedeza mutu n'kubwerera kwawo.

M'mawa inkagwira bwino. Koma dzuwa la Okutobala likangoti lakhala pamalata, sikirini inkasanduka yabuluu, kenako mdima. Poyamba ndinanamizira malaiti, ndinasintha mawaya onse. Inazimabe. Ndinamva kuti kachitsulo kamene amati ramu kakada umakapukuta ndi labala ya pensulo. Ndinatsegula, ndinapukuta mpaka kananyezimira. Inazimabe. Wina anati ndimvetsere ngati disiki ikugogoda mkati, ndiye ndinagunditsa khutu pabokosilo. Linandiwotcha ngati simbi. (Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuganiza. Ine ndinangopaka mafuta kukhutu.)

Apa m'pamene ndinazindikira "chenicheni": maso a Gondwe. Tsiku lonse ankasuzumira kuno, ndipo munthu wansanje mumamudziwa mmene amayang'anira. Ndinatenga chitenje cha mkazi wanga, chokhuthala chija, n'kufunditsa bokosi lonse.

Tsiku limenelo anabwera a Zimba, aphunzitsi a ku Tembwe, kasitomala yekhayo amene anali asanandithawe. Anali ndi mafunso a mayeso a ana, ofunika kusukulu mawa lake, ndipo wa njinga yamoto ankawadikira panja.

"Mukandichitira bwino, anzanga onse ndiwabweretsa kuno," anatero.

Ndinataipa tsamba loyamba monyadira, zala zikuvina. Lachiwiri lisanathe, buluu uja. Ndinayatsanso, zonse zapita. Ndinayambiranso, inazimanso msanga kuposa kale, ndipo chitenje chinayamba kununkha ngati chasiyidwa pambaula.

"Manje titani?" anafunsa a Zimba.

"Ikupumula pang'ono. Zazikulu zimatero."

Anatola mapepala awo mwaulemu n'kuwoloka msewu. Ndinawaona akukhala pabenchi ya a Gondwe, chigayo chija chikulira mosangalala.

Atamaliza ntchito ya a Zimba, a Gondwe anabwera okha ndi sikuludiraiva. Anavundukula chitenje, anatsegula bokosi, anayang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, fani ili kuti?"

"Fani yanji?"

Analoza malo opanda kanthu pamwamba pa chitsulo china chotentha m'katimo, mabowo a zomangira ali yasa. "Pano pamakhala kachinthu kozungulira koziziritsa. Phokoso munkandiseka nalo lija ndi limenelo. Chigwa chotentha ngati chino, inu mwachotsa fani, n'kuifunditsanso? Inakulakwirani chiyani?"

Ndinati mwina inagwa m'basi. Mkazi wanga, amene anabwera kudzafuna chitenje chake, ndiye anafotokoza zonse, ndi mawu anga omwe a ku Lundazi aja. (Ndinali nditamusimbira kangapo monyada.)

Ndinabwerera kwa wogulitsa uja. Fani yanga inali pashelefu, ikundidikira, mtengo wake utakula ngati yadya bwino. Mukuganiza ndinangolipira? Ndinanenerera mpaka anati, "Chabwino, koma zomangira zitsala."

Manje fani ndinaimanga ndi mphira ya njinga. Kompyuta sizimanso, koma imalira moti anthu amabwera ndi chimanga kudzafunsa. A Zimba ndi anzawo onse amapitabe kutsidya. Ine ndimakhala pakhomo n'kumauza aliyense wodutsa kuti amvetsere bwino: yanga ikulira kuposa ya a Gondwe.